Mendulo yomwe inadya zaka 30 koma osadindidwa

Sabata yathayi aphunzitsi athu a zosemasema anatipatsa ntchito yooneka ngati yachibwana. Aliyense atenge sopo wamtanda, agobe dzina lake ndi msomali, kenako adinde pa dongo lofewa. Ine ndinagoba mwachidwi, kudinda, zilembo zonse kutuluka chotembenuka ngati ndikuziona pagalasi. Anzanga anafa ndi phwete. Aphunzitsi anangoti wopanga chidindo amaganiza chobwerera: chakumanja amaika kumanzere, choti chidzatumphuke iye amachikumba. Kenako anandipatsa dzina loti ndikafufuze, Benedetto Pistrucci.

Mkuluyu anabadwira ku Rome mu 1783, ndipo luso lake loyamba linali losema nkhope ting'onoting'ono pa miyala ya mtengo wapatali. Atafika ku London mu 1815 anatchuka m'njira yoseketsa. Katswiri wina wa zinthu zamakedzana, Richard Payne Knight, anali atagula kamwala kosemedwa mutu wa Flora, mulungu wamkazi wa maluwa wa Aroma, n'kumanyadira kuti n'kakale kwambiri. Pistrucci atakaona anati anakasema ndi iyeyo zaka zochepa zapitazo. Knight anakana kwamtuwagalu, koma anthu andalama anayamba kumufunafuna Mtaliyanayo.

Mmodzi mwa iwo anali William Wellesley-Pole, mkulu wa Royal Mint, komwe amasulira ndalama za dziko la Britain. Mu 1817 kunatuluka ndalama yagolide yotchedwa sovereign, kuseri kwake kuli George Woyera ali pa kavalo, chinjoka chili pansi pa ziboda. Chithunzichi ndachikulitsa pa foni kangapo. Minofu ya kavalo ikuoneka, chovala cha George chikuuluka ndi mphepo, zonsezo pa kachitsulo kotambalala mamilimita 22 okha. Mpaka lero Royal Mint ikudindabe chithunzi chomwechi.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi khalidwe lake. Pistrucci sankalola kukopera ntchito ya munthu wina. Mfumu George IV inafuna kuti nkhope yake pa ndalama itengedwe pa chosema cha mmisiri wina, Francis Chantrey, iye anakana, ntchito n'kupita kwa ena. Poyamba ndinamuombera m'manja, ndinati uyu ndiye mwamuna. Koma nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti ife m'kalasi timaphunzira pokopera, ndipo William Wyon, yemwe ankalandira ntchito zoterezi mosanyinyirika, sanali wosema wamba. Mu 1828 Wyon ndi amene anakhala mkulu wa ogoba zidindo. Pistrucci, poti anali mlendo, lamulo silinkamulola kukhala pa mpandowo, ndiye anamupangira udindo wina woyang'anira za mamendulo. Mwina kuuma mutu kwake kunali mbali ina luso, mbali ina chilonda cha munthu amene analonjezedwa mpando n'kumanidwa.

Ndiye pali mendulo yokumbukira nkhondo ya ku Waterloo, komwe Napoleon wa ku France anagonjetsedwa. Boma linamupatsa ntchitoyi mu 1819, kuti ikhale mphatso kwa atsogoleri a mayiko anayi omwe anagonjetsa Napoleon mu 1815, a Britain, Austria, Russia ndi Prussia, komanso akuluakulu a nkhondo awiri, Wellington ndi Blücher. Inali chimendulo, kutambalala kwake kupitirira masentimita 13, chodzaza ndi milungu ya Agiriki, akavalo ndi zimphona zikugwa. Zidindo zake anazimaliza mu 1849. Pofika chakacho onse ofunika kulandira anali atatsikira kuli chete kupatula Wellington.

Ambiri amati ankazengereza dala, poopa kuti akangomaliza amuchotsa ntchito. Ine sindikumuweruza, ndawaonapo amisiri omanga nyumba akuchita chimodzimodzi pa khoma limodzi. Koma chomwe chinandikhudza ndi chifukwa chimene mendulo sinadindidwire. Chidindo amachigoba chitsulo chikadali chofewa. Kuti chipirire kumenya golide, amayenera kuchiotcha mpaka kufiira psuu, n'kuchiviika m'madzi kuti chilimbe. Pamenepo ndi pomwe chitsulo chimatha kung'aluka, makamaka chikakhala chachikulu. Panalibe amene analimba mtima kuika ntchito ya zaka 30 pamoto, choncho anangopanga makope pogwiritsa ntchito magetsi ndi mkuwa. Pistrucci anamwalira mu 1855 kufupi ndi Windsor asanaone mendulo yake itadindidwa pa golide.

Dzulo ndagula sopo wina. Ndinalemba dzina pa pepala lopyapyala, kulitembenuza, n'kugoba motsatira mizere yoonekera kuseri. Zilembo zisanu zatuluka bwino, koma S wakananso, wayang'ana kolakwika. Lolemba ndikapereka choncho.