Thuza la ku Kuala Lumpur

Ndinapita ku Kuala Lumpur, likulu la dziko la Malaysia, kukaona mchemwali wanga amene ali pasukulu kumeneko. Nsanja ziwiri za Petronas ndinaziona, n'kujambulitsa, basi. Chimene ndabwera nacho kumudzi kuno ndi thuza m'munsi mwa chala chamkombaphala, ndiye nkhani yake ndi iyi.

Tsiku lachitatu anzake a mchemwali wangayo ananditengera ku holo ya badminton, masewero omenyerana kampira ka nthenga ndi maraketi pamwamba pa ukonde, cha m'ma 9 koloko usiku. Ku Malaysia masewerawa ali ngati mpira wamiyendo kwathu. Katswiri wawo Lee Chong Wei, amene anatenga mendulo ya siliva ku Olympics mu 2008, 2012 ndi 2016, amamutchula ngati mwana wa m'banja mwawo. M'holomo munali kutentha kosaneneka, mazenera otseka, fani osayatsa, poti kamphepo pang'ono chabe kamakhotetsa kampira kaja ka nthenga 16. Ndisanamenye n'komwe, malaya anali atanyowa kale.

Atandipatsa raketi ndinadabwa kupepuka kwake, kosafika ndi magalamu 100 omwe. Ine ndinaifumbata ndi chikhatho chonse ngati ndikupita kokapalira chimanga. Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, koma kampirako kankangogwera pakati pa bwalo, pomwe kamtsikana kowonda ka m'bwalo loyandikana nalo kankakafikitsa kumzere wakumapeto osatuluka thukuta.

Panali bambo wina waimvi amene ankatiyang'ana ali pabenchi. Kumeneko wamkulu aliyense ndi "ankolo", ngati kwathu konkuno. Anabwera, n'kugwira mutu wa raketi yanga, n'kukoka. Sinachoke. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati vuto lagona pomwepo.

Anaitembenuza raketiyo kuti iime cham'mbali, mphepete mwake mutaloza pansi ngati nkhwangwa, n'kundilozetsa mpini kuti ndiupatse moni. Moni weniweni wa dzanja. Ukatero, chala chachikulu ndi chamkombaphala zimapanga chilembo cha V pamwamba pa mpini, chamkombaphalacho chitatalikirana pang'ono ndi zinzake zitatu. Ndi pamenepo pomwe ndinazindikira kuti mpiniwo si wobulungira: uli ndi mbali 8, ziwiri zotambalala, ndipo zala zimadziwa poti zikhale poumva chabe. Pakati pa chikhatho ndi mpini pazitsala kampata. Ankolowo anapisamo chala chawo kuti atsimikize.

Chimene chinandivuta kuchikhulupirira n'chakuti mphamvu imachokera m'kulekerera. Umaugwira mpini ngati wanyamula mwanapiye, kenako n'kufinya zala kamodzi pa nthawi yeniyeni imene raketi ikukhudza kampira, mkono ukupotokola. Ukafinyiratu, palibenso chofinya. Ndiponso kampira kakabwera kumanzere, kwa ife amanja, uyenera kuzungulitsa mpini m'zala kuti chala chachikulu chigone pambali yotambalala ija n'kukankha. Dzanja louma gwa silingachite zimenezo m'kanthawi kochepa kotero. Ine ndikasokonezeka ndinkabwerera kogwira ngati chiwaya, nkhope ya raketi itapenya kutsogolo. Kagwiridwe kameneko kali ndi ntchito pafupi ndi ukonde, koma kumbuyo kwa bwalo kamakupha mkono.

Ndinapitako masiku atatu. Tsiku lachiwiri ndiye thuza linatuluka, umboni woti ndinali ndikanafinyabe. Tsiku lomaliza ankolo aja anandizembera n'kukoka raketi, ndipo inatsomphoka m'manja mwanga mosavuta. Sanalankhule kanthu, anangogwedeza mutu n'kubwerera pabenchi. Titaweruka tinakakhala pa malo odyera a mamak, a amwenye achisilamu akumeneko, pakati pausiku, ndikumwa teh tarik, tiyi wawo wamkaka, ndi dzanja lamanzere.

Ndinagula maraketi awiri ndi katini ka timipira. Dzulo tinamanga chingwe choyanikira zovala pabwalo ndi mwana wa achimwene. Ndinamuuza kuti apatse mpini moni, anagwadira kaye mwaulemu. Kampira koyamba mwera unakatenga n'kukakatula padenga la aneba, ndipo kakadali pomwepo.