Bishopu wanga anathera m'kamwa mwa amayi

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ali ndi zaka 12 zokha, koma mpaka lero ndikamuona pa msika wa ku Ulongwe ndimakhotera kwa ogulitsa kachewere.

Tchesi, imene kuno ambiri amati xadrez, ndinaiphunzira pa foni ndili pa ganyu ku Tete. Mtima wanga unagwera njira ina yoyambira ya wakuda, French Defence. Dzinali linabadwa pa mpikisano wa m'makalata womwe unayamba mu 1834, pamene a ku Paris anagonjetsa nayo a ku London. Woyera akaponda pa e4 (malo a pa bolodi amatchulidwa ndi chilembo ndi nambala), iwe umangoika msilikali pa e6, kenako wina pa d5. Asilikaliwo amagwirana ngati mpanda wa khola, fisi n'kumangozungulira kunja. Ukakhazikika umakankha c5 kukagwedeza pa d4. Zonsezi ndinazilalikira pakhonde pa amayi, mwana uja akungoti, "Inde, malume."

Tinabetcherana mameticais 200. Bolodi yake inalibe bishopu mmodzi wakuda, ndiye pa c8 tinaikapo kanjere ka mtedza wokazinga.

Tsono khola lili ndi vuto lake: limatsekera fisi kunja, komanso mbuzi zako m'kati. Msilikali wa pa e6 amaimirira pakhomo penipeni pa bishopu wa pa c8, moti mkuluyo amangokhala phee ngati mkamwini wa dzulo. Vidiyo yomwe ndinkaphunzirira pa foni ija inkafotokozanso zimenezi, koma mamega anandithera ili pakati.

Mwana uja anakankha e5. Basi, pa f6, malo abwino a kavalo wolondera mfumu, panatsekeka. Zida zanga zinapanikizana ngati anthu m'chapa ya ku Domwe tsiku la msika. Za c5 ndinaiwaliratu, chifukwa ndinali kalikiliki kufotokozera amayi mbiri ya ku Paris. Ndinabisa mfumu pakona, n'kuitanitsa madzi akumwa.

Kenako anaponya bishopu wake pa h7, poyera, ngati wasokonezeka mutu. Ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, zaulere sakana," ndinatero, n'kumudya ndi mfumu.

Kavalo anadumphira pa g5. Mfumu yanga inabwerera m'mbuyo. Mfumukazi inatera pa h5. Zotsatirazo sizinachedwe, madzi aja anafika zitatha kale.

Munthu wamkulu sangogwa chete pamaso pa mwana.

"Ukanaona zakuda bishopu wangayu akanatuluka," ndinatero ndikuloza pa c8.

Panalibe kanthu.

Amayi anali pamphasa, akusosola m'mano ndi kaudzu. "Kamtedza kaja? Ndimayesa mwakataya, bambo. Chikhalirenicho sikanasunthe."

"Agogo anadya kalekale, malume," anatero mphwanga atatambasula dzanja. "Musanabise n'komwe mfumu. Ndimati ndikuuzeni, koma ndinaona kuti simukumusowa."