Imfa ndi Kukula m'Mabuku a Achinyamata

Anthu ena achikulire amadandaula kuti mabuku olembera achinyamata achuluka nkhani za imfa, ndipo amaganiza kuti olemba amangofuna kuliza owerenga kuti mabuku awo ayende malonda. Ine sindigwirizana nawo. Mwana wamng'ono amaona imfa ngati chinthu chogwera anthu ena, koma akamasinkhuka amayamba kuzindikira kuti nayenso adzamwalira, ndiponso kuti makolo ake alibe mphamvu zoletsa zimenezi. Buku lonena zoona za unyamata silingazembe nkhani imeneyi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Mabuku ena amapha munthu m'nkhani ndi cholinga chokhacho chakuti wotsalayo aphunzirepo kanthu, ngati kuti womwalirayo anali chida chokhwimitsira mnzake maganizo. Choncho ndikamawerenga ndimafufuza ngati wolemba walola chisoni kuoneka mmene chimakhaliradi, chosokonekera komanso chochititsa manyazi nthawi zina.

Katherine Paterson anachita bwino zimenezi m'buku lake la Bridge to Terabithia, limene linatuluka mu 1977 atalilemba chifukwa cha imfa ya mnzake wa mwana wake amene anawombedwa ndi mphezi. Mtsikana Leslie atamira mumtsinje chingwe chowolokera chitaduka, mnzake Jess sakhala wanzeru tsiku lomwelo. Poyamba akukana kuti zachitikadi, kenako akupsa mtima mpaka kutaya m'madzi utoto umene Leslie anamupatsa, ndipo mumtima akudziimba mlandu chifukwa sanamuitane pa ulendo wa ku Washington tsiku la ngoziyo. Kukula kwake kukuoneka pambuyo pake, pamene akumanga mlatho n'kulowetsa mlongo wake wamng'ono m'dziko lamasewera limene kale ankamubisira.

Komabe buku limene limandikhudza kwambiri ndi A Monster Calls la Patrick Ness, la mu 2011. Ganizo la nkhaniyi linali la Siobhan Dowd, amene anamwalira ndi khansa mu 2007 asanailembe. Conor, mnyamata wa zaka 13 amene mayi ake akudwala mwakayakaya, amachezeredwa usiku ndi chilombo chooneka ngati mtengo, chimene chimamusimbira nthano zitatu n'kumuuza kuti yachinayi asimbe yekha ndipo ikhale yoona. Choonadi chimene mnyamatayu wakhala akubisa n'chakuti watopa ndi kudikira, ndipo mbali ina ya mtima wake ikufuna kuti zonse zingotha, ngakhale kuti kutha kwakeko ndi imfa ya mayi ake. Ndi anthu ochepa, ngakhale akuluakulu amene anadwazikapo matenda kwa nthawi yaitali, amene angalimbe mtima kunena mawu oterewa. Ness sakumuweruza Conor, koma akuonetsa kuti munthu angathe kulakalaka kuti ululu uthe kwinaku akukonda wodwalayo ndi mtima wonse, ndipo Conor atavomereza zimenezi m'pamene akutha kuwagwira mayi ake dzanja n'kuwauza kuti sakufuna kuti apite.

John Green, amene anatumikirapo pa chipatala cha ana monga wophunzira ntchito yauzimu, anatsata njira yofananako mu The Fault in Our Stars mu 2012. Augustus, mnyamata wodwala khansa wa m'bukuli, ankalakalaka kufa ngati ngwazi yokumbukiridwa ndi dziko lonse, koma akumwalira ali wofooka ndi wodalira ena.

N'chifukwa chake pophunzira mabukuwa ndi achinyamata, funso lakuti "Kodi waphunzirapo chiyani pa imfayi?" ndimaliona kuti ndi losakwanira, pakuti limawakankhira ku yankho laulemu limene akuganiza kuti mphunzitsi akufuna kumva. Ndi bwino kuwafunsa chimene Jess kapena Conor ankaopa kunena kumayambiriro kwa nkhani, ndi chimene chinawachititsa kuti pomaliza achinene. M'kalasi iliyonse mungapezeke wophunzira amene akudwazika kholo kapena anataya mbale wake, ndipo funso lotere limamupatsa mpata wolankhula za mumtima mwake kudzera mwa Conor popanda kukakamizidwa kutchula za kwawo.