Zikomo kwa onse amene mwatikonzekeretsa kuthandiza odwala anzathu

Ndikulemba m'malo mwa anzanga onse amene tatsiriza maphunziro a ma expert client, anthu amene tili ndi kachilombo ka HIV ndipo timathandiza odwala anzathu, kuno ku Thyolo sabata yathayi. Tonse tili pa ma ARV. Ena mwa ife anayamba kalekale, nthawi imene a bungwe la madokotala la MSF ankayamba kupereka mankhwalawa m'boma lino mu 2003, boma lisanayambe kugawa ulere dziko lonse mu 2004. Ena ndi achinyamata amene anabadwa ndi kachilombo, ndipo mafunso ovuta kwambiri m'kalasi ankachokera kwa iwowa.

Anamwino ndi madokotala athu, zikomo kwambiri. Takhala tikumwa mankhwala zaka zonsezi, koma kufotokozera mnzathu chifukwa chake timayezetsa viral load, kapena kuti kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, sitinkatha. Tsopano tikhoza kumuuza kuti tizilombo tikachepa mpaka osaoneka m'magazi, sapatsira mkazi kapena mwamuna wake. Mwatikumbutsanso zizindikiro za TB: kutsokomola, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda. Munthu wotere timuperekeze akayezetse makhololo, osangomupepesa.

Komabe phunziro limene latilowa mumtima ndi lija la kalondolondo wa amene asiya kubwera kudzatenga mankhwala. Munati tisamafike pakhomo pa munthu titavala tisheti yolembedwa, buku lili m'manja. Tikapeza apongozi ake ali pakhonde, tilonjerane, tikambe za mvula ndi mtengo wa feteleza, nkhani yeniyeni idikire mpaka tikhale awiri. Munatinso tiyambe tamva kaye. Kunena zoona, ambiri amene timawatcha ma difolta sakhala osamvera ayi. Wothyola tiyi amalipidwa potengera makilo, ndiye m'dzinja masamba akachuluka, tsiku la kuchipatala ndi tsiku lopanda ndalama. Wina wa kumbali ya Thekerani waoloka Ruo kukagwira ganyu ku Mozambique. Wina sanauze mwamuna wake, botolo amabisa m'thumba la ufa. Winanso anauzidwa kumapemphero kuti wachira. Anthu onsewa sungawalankhule mofanana, ndipo ukakalipira mmodzi yekha, mudzi wonse udzakutsekera zitseko.

Achikulire a m'magulu a CAG, inunso zikomo pobwera kudzatiuza mmene mumachitira. Njira ya CAG imeneyi, yoti anthu angapo oyandikana azisinthana kukatengerana mankhwala, inayambira ku Tete ku Mozambique, ndipo kuno inafika mu 2012. Mwationetsa kuti gulu limalimba ngati mamembala akuwerengerana mapiritsi moona, osati kungotumana basi.

A Gulupu ndi mafumu athu, mwatilandira bwino ndipo mwalonjeza kutipatsa mpata pamisonkhano ya m'mudzi. Tidzakukumbutsani. A mpingo amene munatibwereka chipinda, amayi amene munatiphikira nsima ya kalongonda, anyamata a kabaza amene munatinyamula m'chiperoni chija mpaka ena pangongole, Mulungu akudalitseni. Amuna athu, akazi athu ndi ana athu, munavomera kuti tiziyima poyera n'kunena kuti tili ndi kachilombo, mukudziwa kuti zala zidzalozanso inu. Zikomo.

Ntchitoyi ndi yongodzipereka, sitilandira malipiro, ndipo sitilemba kapena kusintha mankhwala a munthu. Imeneyo ndi ntchito ya adokotala. Kuyambira Lolemba mudzatipeza m'mawa uliwonse pamalo odikirira ku ART, kumene timalandirira ma ARV. Amene simukufuna kuonedwa mukucheza nafe pagulu, muuzeni namwino kapena HSA, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, tidzapangana kokumana.