Mawu Othokoza Kuchokera kwa Alimi a Njuchi a Dera la Namwera

Ife a gulu la alimi a njuchi a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Namizimu, kumtunda kuno kwa Namwera m'boma la Mangochi, tikuthokoza poyera onse amene anatigwira mkono kuyambira pamene moto wolusa unatentha ming'oma yathu mu Okutobala chaka chatha, kufikira mwezi uno wa Juni pamene tafula uchi woyamba m'ming'oma yatsopano. Motowo unabuka masana udzu utauma gwaa, ndipo ming'oma yambiri inapsa, zisa zinasungunuka, njuchi zopulumuka n'kuthawira kumapiri. Sitikuloza munthu aliyense chala pa za chiyambi chake, pakuti nkhaniyo inakambidwa kale pabwalo la amfumu.

Oyamba kuwathokoza ndi anthu a m'midzi yathu amene sali m'gulu lathu n'komwe. Achinyamata ndi amayi anathamangira kunkhalango ndi nthambi zaziwisi ndiponso zidebe za madzi, ndipo mbali ya ming'oma imene inapulumuka inapulumuka chifukwa cha iwowo. Ena mwa iwo ndi omwe aja ankadandaula kwa amfumu kuti njuchi zathu zimaluma ana ndi mbuzi pa njira yokatola nkhuni, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Komabe tsiku limenelo sanawerengere zimenezo, anazimitsa moto ngati kuti ming'omayo ndi yawo, ena mpaka analumidwa ndi njuchi zolusa chifukwa cha utsi ndi kutentha. Pomanganso malo athu tawamvera, moti ming'oma yonse tsopano taisunthira kutali ndi njira ndiponso kutali ndi chitsime.

Tikuthokoza mafumu athu, kuyambira anyakwawa mpaka a Gogo Chalo, chifukwa choitanitsa msonkhano ndi kukhwimitsa malamulo a m'mudzi oletsa kuyatsa moto ndi kuotcha makala m'nkhalango. Mashehe ndi abusa nawonso anafalitsa uthengawu m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Alangizi a zankhalango anatikumbutsa kuti lamulo la zankhalango la 1997 limapatsa mudzi mphamvu yokhala ndi nkhalango yakeyake ndi komiti yoiyang'anira, ndipo anatiphunzitsa kulambula mizere yotchinga moto ndi kutentha udzu msanga usanaumitsitse, kuti moto wa m'chilimwe ukafika upeze palibe chodya.

Akalipentala a pamsika anatikhomera ming'oma yamatabwa pangongole, ndipo anapirira pamene tinkawavutitsa kuti kamtengo kalikonse ka pamwamba pa mng'oma, pamene njuchi zimamangirira chisa, kakhale kotambalala pafupifupi mamilimita 32. Muyeso umenewu si wongofuna kukongoletsa, chifukwa ukalakwika njuchi zimalumikiza zisa za timitengo tiwiri, ndipo pofula mlimi amaswa zisa za ana pamodzi ndi za uchi. Ndalama zolipirira zina zinachokera kwa amayi a banki m'khonde amene anatikongoza pa nthawi imene munthu wina aliyense akanakayika. Panali ena amene anatilangiza kuti tibwerere ku ming'oma ya makungwa poti ndi yotsika mtengo, koma tinakana, pakuti kusenda khungwa lonse la mombo ndi kupha mtengo womwewo umene maluwa ake amatipatsa uchi.

Alimi anzathu a njuchi a mbali za Katuli ndi Makanjira anatipatsa phula lopaka m'ming'oma yatsopano kuti fungo lake likope njuchi, ndipo sanalandire kanthu. Iwo ndi amenenso anatilimbikitsa kupachika ming'oma ndi waya wopaka girisi, kuti linthumbu lisalowe ndiponso chiuli asapeze pogwira. Njuchi zinayamba kulowa zokha mvula itagwa, mng'oma umodziumodzi, ndipo ina ikadali yopanda kanthu mpaka lero.

Kwa ogula athu a ku Mangochi Boma, a ku Monkey Bay ndi a m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja, tikuthokoza chifukwa cha kudikira kwanu. Ambiri munatiimbira foni kufunsa ngati uchi wapezeka, ndipo tinakuyankhani kuti ayi ngakhale kuti m'ming'oma munali kale kanthu. Uchi umene njuchi sizinautseke ndi phula umakhala ndi madzi ambiri, ndipo madziwo akapitirira magawo 20 pa 100 aliwonse, uchiwo umasasa m'botolo. Tinaona kuti n'kwabwino kuti mutidandaule chifukwa chochedwa kusiyana ndi kuti mutibwezere uchi wochita thovu. Umene tafulawu ndi wochepa poyerekeza ndi wa zaka za m'mbuyomu, choncho tiyamba kugulitsa kwa amene analembetsa kale, ndipo ndalama zoyamba zipita kwa akalipentala ndi ku banki m'khonde.

Ntchito imene yatsala ndi yokonza kanyumba kosefera uchi kuti tikathe kupempha chiphaso ku bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, chimene masitolo akuluakulu amafuna asanalandire katundu. Izi zisanachitike, kulambula mizere yotchinga moto kuyamba Loweruka likubwerali m'mawa, ndipo tikupempha aliyense wofuna kutithandiza kuti abwere ndi khasu kapena chikwanje, tidzakumane pabwalo la amfumu. Achinyamata ofuna kuphunzira ulimi wa njuchi adzalembetse kwa mlembi tsiku lomwelo.

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni.

M'malo mwa komiti ndi mamembala onse,
Mlembi wa gulu