Sabata imene tinkanamizira chigayo

Ndimagwira ntchito pa fakitale yoyenga miyala ya mkuwa ku Copperbelt, m'dziko la Zambia, ndipo gawo langa ndi la chigayo, kumene miyala yochokera mu mgodi imaperedwa ndi mipira yachitsulo mpaka kusanduka phala. Lamulo lathu ndi lakuti magawo 80 pa 100 alionse a phalalo adutse pa sefa ya timabowo ta ma micron 75 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Likakhala lamiseremisere, mkuwa umatsalira m'kati mwa mwala ndipo thovu la ku gawo loyandamitsa, kumene mkuwa umalekanitsidwa ndi zinyalala, silingathe kuunyamula. Likaperedwa mopitirira, timangowononga magetsi, amene aliyense wa kuno anaphunzira kuwalemekeza madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba mu 2024.

Lolemba m'mawa ndinasefa zimene anzanga a usiku anatapa, ndipo zotsalira pamwamba pa sefa zinali zambiri moti ndinayamba ndakayikira sefayo, n'kuitsuka ndi kubwereza. Zotsatira sizinasinthe. A fomani anagamula kuti mwala wa sabata imeneyo unali wolimba, choncho Lachiwiri tinawonjezera mipira m'chigayo ndi kuchepetsa miyala yolowa, koma mkuwa unapitirizabe kutayikira ku zinyalala.

Lachitatu ndinakwera pamwamba pamene pali ma cyclone, zipangizo zimene zimazunguza phala kuti losalala lipite kutsogolo, lokhakhala libwerere m'chigayo. Cyclone ikamagwira bwino, phala lotuluka kunsi limamwazika ngati ambulera, koma pa ziwiri mwa izo linkatsika lokhuthala, lopotana ngati chingwe cha ng'ombe. Zikatero ndiye kuti kukamwa kwake kwa kunsi kwachulukiridwa kapena kwayamba kutsekeka, ndipo miyala yosaperedwa bwino, posowa potulukira, imakwera n'kupita limodzi ndi phala losalala. Titazitsegula tinapezamo zibenthu za mipira yotha, china chachikulu ngati chala chamanthu.

Funso linali lakuti zibenthuzo zinafikako bwanji, popeza kukamwa kwa chigayo kuli sefa yozungulira imene ntchito yake ndi kuzitchinga. Lachinayi tinaimitsa chigayo, aliyense n'kukoloweka loko wake pa switchi monga mwa lamulo, ndipo tinapeza kuti chigamba chimodzi cha labala cha sefayo chinang'ambika pamalo osaoneka ukaima panja. Mkulu wina wokonza makina anandiuza motsitsa mawu kuti, “Bambo, chigamba chimenechi tinachilemba kale m'buku, koma anatiuza kuti tidikire.” Sindinamuyankhe, chifukwa inenso ndinaliwerenga bukulo osachitapo kanthu.

Kusintha chigambacho kunatenga maola ochepa chabe. Mipira imene tinawonjezera Lachiwiri ija ndiyo inatsala ikutivutitsa, pakuti tsopano phala linkatuluka losalala mopitirira, ndipo Lachisanu lonse ndinakhalira kuwonjezera miyala pang'onopang'ono, ndikuyeza kulemera kwa phala ola lililonse, mpaka sefa ya madzulo inasonyeza zimene timafuna.