Masiku 6 alowa m'madzi pa Élysée wanga uja

Anzanga omanga tinyumba ta makatoni, usiku wathawu ndatenga lezala n'kudula mbali yonse ya kumadzulo ya Élysée wanga. Mpaka pano mtima ukundiwawa.

Paja ndinakuuzani kuti ndikumanga nyumba yachifumu ya ku Paris imeneyi, yomwe masiku ano amakhalamo pulezidenti wa France, pa sikelo ya 1:200, monga inkaonekera mu 1753, chaka chimene Madame de Pompadour, chibwenzi cha mfumu Louis XV, anaigula. Koma zithunzi zooneka bwino za pa intaneti ndi za masiku ano, ndipo ine ndinangozitsatira. Holo yaikulu ya maphwando ija, Salle des Fêtes, ndinaiboola mawindo limodzilimodzi, kumata, kupala, kupenta, masiku 6 athunthu. Dzulo ndikuwerenga za eni ake ndi pamene ndinaona kuti holoyo inatsegulidwa mu 1889, pulezidenti ali Sadi Carnot. Pompadour anamwalira mu 1764. Ndinam'mangira chipinda chimene chinadzabwera patapita zaka 125 ali m'manda!

Chimene chimasokoneza n'choti nyumbayi yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo wobwera aliyense ankafuna kusiyapo chake. Armand-Claude Mollet anaimanga pakati pa 1718 ndi 1722, kumangira mkulu wolamulira dera la Évreux, n'chifukwa chake poyamba inkatchedwa Hôtel d'Évreux. Pompadour anaisiyira mfumu Louis XV. Mu 1773 inagulidwa ndi mponda matiki wina wa zamabanki, Nicolas Beaujon, kenaka mu 1787 inapita kwa Bathilde d'Orléans, ndipo dzina la Élysée linayamba m'nthawi yake. Joachim Murat, mlamu wake wa Napoleon, anaigula mu 1805 n'kuikamo masitepe aakulu aja. Napoleon mwini wake anasainira m'menemo kalata yotula pansi ufumu mu 1815, atagonja ku Waterloo. Za upulezidenti zinadzayamba mu 1848. Ndiye ukamayang'ana chithunzi cha lero, umaona ntchito ya anthu onsewa itaphatikizana ngati inamangidwa tsiku limodzi.

Chandipulumutsa ndi mapu a Turgot a mu 1739, amene amaonetsa nyumba za mu Paris ngati mmene mbalame ingazionere, madenga ndi minda yomwe. Hôtel d'Évreux ilipo, bwalo kutsogolo, munda kumbuyo kuloza ku Champs-Élysées. Kanyumbako n'kakang'ono ndithu, ukakakulitsa pa foni kamachita mbuu, koma mpangidwe wake ukuoneka. Ndikanayambira pamenepa.

Za makatoni ndilibe dandaulo. Mayi ena a golosale ku Limbe amandisungira a sopo, olimba bwino, ndipo sandilipiritsa. Ndi omwe aja ndinamangira Mandala House chaka chatha, ija khonde lake linandisowetsa tulo. Chinyezi cha dzinjali chokha n'chimene chikuwafewetsa, moti guluu wa matabwa akutenga masiku awiri asanaume bwino.

Holo ndadulayo sindinaitaye. Maganizo amene andibwerera ndi oti mwini aliyense akhale ndi zidutswa zake zochotseka, kuti ndizitha kuonetsa nyumbayi kuyambira 1722 mpaka 1889 pa thabwa limodzi, denga lonyamuka, masitepe a Murat akuoneka m'kati. Ndikufuna zonse zithe mvula isanaleke. Kodi alipo amene anapangapo denga la miyala yotuwa ija osagwiritsa ntchito sandipepa? Wanga akungomwa penti.